Nyemba za ku Lobi pa Sikelo ya ku Amereka

Rozina Dziwani anatsika basi pa Chimbiya kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi atanyamula chikwama cha zovala, tepi yoyezera minda, sikelo yokoleka, ndiponso nkhani imene sankadziwa poyambira pake. Anali atatha miyezi isanu ndi inayi ku Amereka, komwe ankachita digiri yachiwiri ya zaulimi. Tsopano sukulu inali itamutumiza kwawo kwa miyezi itatu kuti adzayeze zokolola za nyemba m'minda ya alimi makumi atatu a ku Lobi.

Kunyumba, kufupi ndi Kabwazi, anapeza bambo ake atavala jekete ngati kukubwera bishopu. A Linus Dziwani anaphunzitsa masamu m'sukulu za pulayimale zaka makumi atatu ndi zisanu asanapume, ndipo mwa ana awo anayi Rozina yekha ndiye anatengera mutu wawo. Atalowa pabalaza, mtsikanayo anaona feremu yatsopano pakhoma. Anayandikira kuti aione bwino. M'feremumo munali pepala la zotsatira zake, limene anawatumizira pa foni atatopa ndi kufunsidwa. Kumunsi kwake kunali nambala yakuti 2.8, yozunguliridwa ndi cholembera chofiira.

Asanamwe n'komwe madzi, bambo ake anayamba kumufotokozera mmene nkhaniyo inayendera. Anati anailengeza ku mphakati, kenako bambo mfumu anaitchula pa Misa. Pa mayeso a Fomu 4 mwana wanzeru zedi amapeza mapoyinti 6, iye Rozina anapeza 9, ndiye taonani kwa azungu watsika mpaka 2.8, pomwe munthu wa m'dera lino sanafikepo. Mphunzitsi wamkulu wa kusekondale anali atapempha kale kuti Lachisanu la sabata yotsatira akalankhule kwa ana olemba mayeso. Rozina anangoti wamva, n'kupita kukasamba.

Chimene a Dziwani sankadziwa n'chakuti ku Amereka nambala imakoma ikamakwera, osati ikamatsika. Mwana wawoyo nayenso anazidziwa mochedwa. Mayeso oyamba atatuluka anapeza 78. Kuno kwathu munthu akapeza 78 ku koleji amayenda chifuwa patsogolo, choncho tsiku limenelo anadzigulira nkhuku yokazinga. Patapita masiku awiri, Nomsa, mtsikana wa ku Zimbabwe amene ankakhala naye chipinda chimodzi, anaona pepalalo patebulo n'kumupepesa. Rozina anafunsa chimene akupepesera. Mnzakeyo anakhala naye pansi n'kumulongosolera kuti A amayambira pa 90, B pa 80, ndipo 78 ndi C basi. Zilembozo amazisandutsa manambala, A kukhala 4, B kukhala 3, C kukhala 2, n'kuziphatikiza kupeza nambala imodzi. Bungwe limene linkawalipirira sukulu silinkafuna kuona munthu pansi pa 3.

Sikuti maphunzirowo ankamukanika. Za nthaka ndi za mbewu ankazidziwa kuposa anzake ambiri, amene nyemba ankangoziona m'chitini. Koma funso lililonse linkabwera mu mapaundi pa ekala, magaloni, mainchi ndi maaunsi. Iye anakulira pa makilogalamu, malita ndi mamita. Ankayamba wasintha funso kuti lilowe m'mutu mwake, n'kuwerengera, kenako n'kusinthanso yankho kubwerera kwa eni ake. Pomwe ankamaliza funso lachitatu, anzake amakhala akupereka mapepala.

Kenako panabwera za uvuni. Gulu lawo la anthu asanu linalima nyemba temu yonse m'nyumba ya magalasi, ndipo Rozina anapatsidwa ntchito yoziumitsa zisanapite pa sikelo. Pepala la malangizo linati madigiri 140. Iye anapotokola uvuni mpaka pa 140 n'kumapita. Pepalalo linalembedwa m'madigiri a ku Amereka, pomwe uvuniwo unagulidwa kunja ndipo unkawerenga ngati wa kwathu. M'mawa mwake khonde lonse la sukulu linkanunkha ngati pa msika pokazinga mtedza. Anzake anayi aja sanamukalipire. Anangosiya kumuitana pokambirana, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mawu. Chaka cha sukulu chitatha, bungwe lija linamulembera kuti akapanda kufika pa 3 pomaliza kafukufuku wa kumudzi, alongedze. Atawerengera anapeza kuti B sangamupulumutse. Pankafunika A.

Lolemba m'mawa anakwera njinga yamoto kupita ku Lobi, nkhungu isanachoke m'mapiri. Woyamba kumuona anali mayi Agatha Zilole, wapampando wa kalabu ya alimi, mayi wamfupi wolankhula mosapsatira. Anamulandira bwino chifukwa anali mwana wa aphunzitsi. Rozina anatulutsa fomu yochokera kusukulu. Inkafuna kukula kwa munda mu maekala, kutalikirana kwa mapando mu mainchi, ndi zokolola mu mapaundi.

Mayi Zilole anati munda ndi ekala imodzi. Mapando amatalikirana phazi limodzi ndi pang'ono. Nyemba zinatuluka ndowa zisanu ndi ziwiri, kupatula zimene anadya zili chitheba, zimene anapereka ku maliro a mlamu wawo, ndi lichero limodzi limene nkhuku zinagwetsa. Rozina anafunsa kuti lichero lake linali lodzadza bwanji. Mayiwo anamuyang'ana ngati wawafunsa kulemera kwa utsi.

Anapita kumunda. Unali pamtsetse, wopindika ngati lilime la ng'ombe, pakati pake pali thanthwe ndi chulu. Tepi yake inali ya mafiti. Ankaipsinja ndi mwala kumapeto, n'kuyenda nayo, mphepo n'kuikoka, iye n'kubwerera. Dzuwa linafika pamutu asanamalize. Atakhala pathanthwe kuti awerengere, nambala ya mafiti okwana ekala inamuthawa m'mutu, ndipo foni inalibe netiweki. Anakwera pachulu atakweza foni m'mwamba mpaka inagwira. Yankho linatuluka lakuti mundawo unali theka la ekala ndi kachidutswa.

Anawauza mayi Zilole mosaganiza kawiri, poti kwa iye inali nambala chabe. Nkhope ya mayiwo inasintha.

"Munda uwu malume anga anandipatsa uli ekala," anatero. "Ndalima pano zaka makumi awiri uli ekala. Mwabwera inu ndi chingwe chanucho, wasanduka theka. Ndiye theka linalo mwapita nalo kuti?"

Rozina anayesa kufotokoza kuti palibe chachoka, kuti malire ali pomwe anali. Koma akamafotokoza kwambiri m'pamenenso mayiwo ankafunsa za amene akalandire mapepalawo kunjako, ndi chimene azungu akufunira kukula kwa munda wa mayi wamasiye wa ku Lobi. Pofika Lachitatu mbiri inali itazungulira midzi yonse yakuti mwana wa aphunzitsi akuyeza malo oti agulitsidwe. Khomo lililonse limene ankafika ankauzidwa kuti eni ake apita kuchigayo. Pakhomo pena anaona bambo akuzemba kuseri kwa nkhokwe, khasu lili paphewa. Masiku atatu anali atapita, ndipo m'buku mwake munali minda itatu, umodzi wosamaliza.

Lachinayi anabwerako masana, fumbi lili m'tsitsi ndi m'mano momwe. Anapeza bambo ake ali pakhonde ndi mapepala awiri olembedwa bwino ndi dzanja. Anati amukonzerako mfundo zoti akanene mawa kwa ana asukulu, kuti asavutike. Anayamba kumuwerengera ndime yoyamba, imene inkanena za kutsika kuchoka pa 9 kufika pa 2.8.

"Bambo, siyani," anatero Rozina. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira, mpaka mayi ake anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Nambala imeneyo si yabwino. Kumeneko wokhoza amapeza 4. Ine ndili pansi pa malire. Ndikapanda kukwera, andibweza."

A Dziwani anatsitsa mapepala aja pang'onopang'ono.

"Nanga 78 uja? Nanga 81?"

"78 ndi C. Ndi munthu wongodutsa."

"Ndiye unangondisiya ndikulengeza m'tchalitchi?"

Rozina anati ankaganiza kuti akonza zinthu iwo asanadziwe. Kenako zonse zinangokhuthuka: mayeso osamaliza, nyemba zopserera, anzake osamuitana, kalata ya bungwe, ndi alimi a ku Lobi amene tsopano ankamuthawa ngati wokhometsa msonkho. Bambo ake anamvetsera osamudula. Atamaliza, analowa m'nyumba, n'kuchotsa feremu ija pakhoma, n'kuilowetsa m'kabati. Kenako anavula jekete n'kupita kumunda wa kachewere kuseri kwa nyumba. Rozina anawaona pawindo akuyenda m'mizere, osagwira kanthu.

Anabwerako dzuwa litapendeka, n'kukhala pakhonde pomwe paja. Sanamuyang'ane. Anangofunsa kuti pepala la uvuni lija linati madigiri angati. Atawauza, anatseka maso, milomo ikugwedera.

"Chotsa 32, kutsala 108. Gawa ndi 9, 12. Chulukitsa ndi 5. Unayenera kuika pa 60."

Rozina anawayang'ana kukamwa kuli yasa. A Dziwani anati iwo ali mwana ku Kasina zimenezi ankaziimba ngati nyimbo: mainchi 12 futi imodzi, mafiti atatu yadi imodzi, maaunsi 16 paundi imodzi, ndipo ekala ndi mayadi 70 uku, 70 uku, kuchotsapo pang'ono. Mamita ndi makilogalamu anadzabwera iwo ali kale mnyamata wamkulu, ndipo anavutika nawo monga mmene iye akuvutikira lero. Atayamba kuphunzitsa, zakale zija anazisiya chifukwa sizinkabweranso pa mayeso.

M'malo momutonthoza, zimenezi zinamukwiyitsa Rozina. Chaka chonse anali akulimbana yekha ndi zinthu zimene zinali m'mutu mwa munthu amene ankamuimbira foni Lamulungu lililonse. Ananyamuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Lachisanu m'mamawa a Dziwani anapita okha kwa mphunzitsi wamkulu kukanena kuti analankhula mopupuluma, ndipo Lamulungu anabwereza mawu omwewo ku mphakati. Anafotokoza bwinobwino, koma anthu anatolapo chimodzi chokha. Pofika sabata yotsatira nkhani inali yakuti mwana wa a Dziwani walephera ku Amereka ndipo amuthamangitsa. Amayi ena anabwera kudzapepesa mayi ake. Rozina anaona kuti kwawo kuno munthu amangokhoza kapena kulephera, ndipo panalibe amene akanamvetsa za munthu wolendewera pakati.

Lolemba atatuluka ndi chikwama chake, anapeza bambo ake ali panja atavala nsapato zamphira ndi chipewa, aitanitsa kale njinga zamoto ziwiri. Sanamufunse ngati akufuna kuperekezedwa.

Ku Lobi theka la alimi aja linadutsa m'kalasi mwa a Dziwani, ndipo palibe amene akanawauza kuti wapita kuchigayo. Anayambira kwa mayi Zilole. A Dziwani anasiya tepi m'chikwama n'kuyenda yekha m'malire a munda akuwerenga mapazi mokweza, mayiwo akuwatsatira pambuyo. Atafika pa 70 anali atalowa kale m'munda wa mnansi. Anabwerera n'kuwauza kuti mwanayu sananame, koma anaiwala kunena chofunika: munthu amene watulutsa ndowa zisanu ndi ziwiri pa kamalo kotere ndi mlimi woposa amene watulutsa zomwezo pa ekala yathunthu. Mapepalawo akufuna kudziwa zimenezo, osati malo. Mayi Zilole anati amva, koma m'bukumo mulembedwebe kuti ekala imodzi, kuti ana awo asadzamve zina. Rozina anatsegula pakamwa kuti akane. Bambo ake anamulanda cholembera n'kulemba zonse ziwiri, ya tepi ndi ya mwini munda.

Ntchito inayamba kuyenda, koma sinayende mwamtendere. A Dziwani ankawerengera mu mayadi, tepi inali ya mafiti, ndipo fomu inkafuna manambala a madontho pomwe iwo ankakonda magawo, theka, limodzi la magawo anayi, atatu a magawo asanu ndi atatu. Ankakangana pakati pa munda alimi akuonerera. Tsiku lina anayeza munda umodzi katatu chifukwa aliyense ankati mnzake ndiye walakwitsa, ndipo pomaliza zinapezeka kuti tepi inakodwa pachitsa. Ndowa nazo zinali ndi zawo. Rozina ankaganiza kuti akayeza imodzi ndiye wayeza zonse. Atakoleka sikelo pamtengo wa mango anapeza kuti ya mayi Zilole ikulemera mapaundi 38, ya a Damiano a kutsidya kwa mtsinje 44 chifukwa ankadzadza mpaka kusefukira, ndipo ya mlimi wina 33 chifukwa inaphwanyika m'mbali. Anayenera kubwerera khomo ndi khomo kukayeza ndowa ya aliyense. Nyemba zodyedwa zili chitheba anazisiya m'ndime yakeyake, atalemba mmene mwini wake wanenera.

Mwezi wa Juni unabwera ndi chisanu chake. Zala zinkauma pogwira tepi m'mawa, ndipo maondo a bambo ake anayamba kutupa chifukwa cha mitsetse. Mayi ake anamudzudzula kuti awapha bambo ake ndi sukulu yakeyo. Rozina anawapempha kuti atsale, koma iwo anati akatsala ndani aziona ngati sakusokoneza mafiti ndi mayadi. Masabata asanu ndi awiri atatha, minda makumi atatu inakwana.

Kumapeto kwa Julaye anapita ku Dedza boma, komwe netiweki ndi yodalirika, n'kutumiza lipoti lake kwa apulofesa amene ankayang'anira ntchitoyo. Nambala iliyonse inali mu mapaundi pa ekala, monga fomu inanenera, ndipo iliyonse inali itadutsa m'maso mwa anthu awiri. Yankho linabwera patapita masiku atatu, iye ali pakhonde akusenda kachewere. Apulofesawo anayamikira ntchitoyo, makamaka nzeru yoyeza ndowa ya mlimi aliyense payokha. Kenako anawonjezera kuti popeza lipotilo lipita ku komiti, ndipo mwina lidzasindikizidwa, manambala onse akhale mu makilogalamu pa hekitala ndi masentimita, chifukwa ndi mmene asayansi a dziko lonse amalembera. Fomu ija, anatero, inali yakale, yopangidwira alimi a ku Amereka, ndipo anapepesa kuti anaiwala kumuuza asananyamuke.

Rozina anawerenga kawiri. Anaika mpeni pansi n'kuyenda mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kubwerera, n'kupitanso. Bambo ake atafunsa chimene chachitika, anangowapatsa foni. Anawerenga atatalikitsa foniyo ndi maso, kenako anafunsa ngati akutanthauza kuti akanangoyeza ndi tepi ya mamita ya kwa alangizi kuyambira tsiku loyamba.

"Eya," anayankha Rozina.

"Ndi sikelo ya makilogalamu ya pagolosale?"

"Eya, Bambo."

A Dziwani anabweza foniyo n'kunena kuti anthu amenewo sadziwa chimene akufuna. Aka kanali koyamba kuti awiriwo agwirizane pa chinthu chokhudza kafukufukuyo.

Kusintha manambalawo pa kompyuta kunatenga masana amodzi okha, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri. Bambo ake sanakhulupirire makinawo. Anatenga minda khumi yoyambirira n'kuiwerengera ndi pensulo kuseri kwa kalendala yakale, akung'ung'udza kuti hekitala ndi chinthu chimene munthu sangachiyende ndi mapazi n'kuchimva. Manambala awo anafanana ndi a kompyuta, ndipo anaoneka ngati akhumudwa pang'ono.

Zotsatira zinatuluka pakati pa Ogasiti, kutatsala masiku asanu kuti anyamuke. Anapeza A wokhala ndi kamzere kochotsera pambali pake, ndipo nambala ija inafika pa 3.02. Bungwe linamulembera mizere iwiri yokha, yakuti apitirize. Rozina sanadumphe. Anangomva ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni koma khosi likadali kuwawa. Anapita ku Lobi kukatsanzika, ndipo anasiyira kalabu ya mayi Zilole pepala losonyeza zokolola za mlimi aliyense, m'Chichewa, ndowa ndi makilogalamu zili moyandikana.

Kutatsala tsiku limodzi, Nomsa anamutumizira uthenga. Anati waona ndandanda ya temu yatsopano, ndipo phunziro la masamu a kafukufuku lili ndi mphunzitsi amene sagwiritsa ntchito malire a 90 ndi 80 aja. Ameneyo amaika ophunzira onse pamzere kuyambira woyamba mpaka womaliza, n'kugawa zilembo malinga ndi pamene munthu waima. Chaka chatha wina anapeza A ndi 61, ndipo chaka china wina anapeza C ndi 84. Munthu sangadziwe mmene wakhozera mpaka temu itatha.

Rozina anayamba kulemba yankho, n'kulifufuta. Mayi ake ankamuitana kumunda kuti adzawathandize kutola kachewere mvula yowaza isanafike. Anaika foni chafufumimba pawindo, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kutsika masitepe.